Wonyamula Chikwama Ndiye Anaona Dziko

Madzulo a pa 2 Okutobala 1872, bwana wina wa ku London dzina lake Phileas Fogg anabetcherana mapaundi 20,000 ndi anzake a ku Reform Club. Iye anati akhoza kuzungulira dziko lonse lapansi n'kudzalowanso pakhomo la kalabuyo m'masiku 80. Atafika kunyumba anaitana wantchito wake, amene anali atangomulemba m'mawa wa tsiku lomwelo, namupatsa chikwama chodzaza ndi ndalama zapepala, ndipo usiku womwewo ananyamuka. Nkhaniyi ndi yopeka. Mlembi wake ndi Jules Verne wa ku France. Inayamba kutuluka m'zigawozigawo m'nyuzipepala ya ku Paris mu 1872, n'kudzakhala buku mu 1873. Patapita zaka zoposa 80, mu 1956, a ku Hollywood anaisandutsa filimu ya maola atatu yotchedwa Around the World in 80 Days, yosakaniza nthabwala, zoopsa za paulendo ndi moyo wa anthu akale.

Filimuyi ndimaikonda, ndipo ndikakhala pansi kuti ndiionere maso anga sachedwa kusiya bwana uja n'kutsatira wonyamula chikwama, Passepartout. Kubetcha n'kwa Fogg, ndalama n'za Fogg, dzina lolembedwa m'manyuzipepala n'la Fogg. Koma amene anapondadi dothi la mayiko onse aja, amene analawa zakudya za kumeneko, kuvina magule ake ndi kuthamangitsidwa ndi eni nthaka, ndi wantchitoyo.

Mwini filimuyi anali Mike Todd, munthu wa ku America amene anatchukira pa zisudzo za pa Broadway ku New York. Inali filimu yake yoyamba monga mwini, ndipo inakhalanso yomaliza, pakuti mu Marichi 1958 anafa pa ngozi ya ndege. M'zaka zimenezo wailesi yakanema inali italowa m'nyumba zambiri ku America, anthu n'kuyamba kuchepa m'maholo oonetsera mafilimu. A ku Hollywood anaganiza zopanga zinthu zimene kabokosi ka m'nyumba sikakanatha kuonetsa: chinsalu chachikulu, mitundu yowala, nyimbo zomveka kumbali zonse za holo. Todd anali ndi njira yakeyake yojambulira, yotchedwa Todd-AO, ya filimu yotambalala mamilimita 70. Anapereka ntchito yoyendetsa zojambula kwa Michael Anderson wa ku England, natumiza makamera ku Paris, ku Spain, ku Thailand, ku Japan ndi kumapiri a kumadzulo kwa America. Ananyengereranso akatswiri otchuka oposa 40 kuti aonekere kwa kamphindi chabe. Mu bala ya ku San Francisco muli Marlene Dietrich, ndipo woyimba piyano amene wakhala akutifulatira akacheuka timapeza kuti ndi Frank Sinatra. Kondakitala wa sitima yapamtunda ndi Buster Keaton, katswiri wa mafilimu akale opanda mawu. Filimuyi inalandira mphoto zisanu za Oscar, kuphatikizapo ya filimu yopambana m'chakacho, kuposa The Ten Commandments, Giant ndi The King and I. Victor Young, amene anapeka nyimbo zake, anamwalira mu Novembala 1956 mphoto yake asanaigwire m'manja.

Chifukwa cha cholinga chofuna kudabwitsa maso, pali malo amene nkhani imaima kaye, kamera n'kungoyang'ana dzuwa likulowa panyanja kapena ngalawa yachifumu ikudutsa pamtsinje. Woonera wa masiku ano akhoza kutopa nazo. Ine ndimazipirira, pokumbukira kuti ambiri amene anadzaza maholo mu 1956 anali asanakwerepo ndege.

Mwa zonse zimene Todd anasankha, chanzeru koposa chinali munthu wosewera Passepartout. M'buku wantchitoyu ndi Mfalansa. Todd anapita ku Mexico kukatenga Mario Moreno, wodziwika ndi dzina loti Cantinflas, amene kwa anthu olankhula Chisipanishi anali kale mfumu ya nthabwala, ngakhale ambiri ku America ndi ku England anali asanamumvepo. Anabadwa mu 1911 m'banja losauka ku Mexico City, ndipo luso lake analiphunzira m'matenti a zisudzo amene ankakhomedwa m'madera a anthu wamba. Munthu amene ankamusewera m'mafilimu ake anali mmphawi wa m'tauni, thalauza lili lendee m'munsi mwa chiuno, tindevu tiwiri m'mbali mwa mlomo, wolankhula mawu ambirimbiri mofulumira mpaka wapolisi kapena woweruza milandu asokonezeke mutu. Chida chake chachikulu chinali pakamwa, ndipo mu filimu ya Chingerezi chidacho sichikanagwira ntchito monga kwawo. Chimene chinamutsalira ndi thupi: mapewa, mawondo, maso oyang'ana chilichonse mwa njala. Timayamba kumuona akupalasa njinga yakale ya gudumu lalikulu kutsogolo m'misewu ya London, akucheukira akazi odutsa, ndipo asanalankhule n'komwe timadziwa kale kuti munthu uyu moyo amaukonda.

M'buku la Verne mulibe chibaluni, mulibenso Spain. Zonsezi anaziwonjezera ndi opanga filimu, ndipo chibaluni chija chinakhazikika m'maganizo mwa anthu mpaka ambiri amakhulupirira kuti chili m'buku. Awiriwa atamva ku Paris kuti njanji yatsekeka, amagula chibaluni n'kuuluka pamwamba pa midzi ndi nyumba zachifumu za ku France. Podutsa pansonga ya phiri, Passepartout amatambasula dzanja n'kutapa chipale choziziritsira vinyo wa bwana wake. Mphepo imawatengera ku Spain. Kumeneko akufuna boti lothamanga lowafikitsa ku Marseille, ndipo mwini botilo akuti apereka pokhapokha wantchitoyo alowe m'bwalo kukalimbana ndi nkhunzi. Gawo limeneli analijambula m'tauni yaing'ono ya Chinchón, kufupi ndi Madrid, anthu a m'tauniyo ndiwo anadzaza bwalo, ndipo munalinso Luis Miguel Dominguín, katswiri weniweni wa masewerawa. Cantinflas ankawadziwa kale masewera a nkhunzi kwawo ku Mexico. Amagwedeza chiuno pamaso pa chinyama, amachipatsa ulemu, amathawa, amabwerera, anthu n'kumafa nazo kuseka. Inenso ndimaseka, koma sindiiwala kuti amene akufuna boti wakhala pampando pakati pa oonerera, pamene mtengo wa botilo ndi nthiti za wantchito wake.

Fogg anamusewera David Niven, ndipo anamusewera bwino kwambiri: msana wowongoka, chipewa chachitali, ambulera m'manja, mawu osakwera ngakhale zinthu zitavuta chotani. Fogg amakhulupirira kuti dziko lachepa, ndipo sananame. Ngalande ya Suez inatsegulidwa mu 1869, zombo n'kusiya kuzungulira Africa popita ku India. M'chaka chomwecho njanji yodutsa America kuchoka kum'mawa kufika kumadzulo inalumikizidwa ku Utah. Mu 1870 njanji za ku India zinakumana, munthu n'kutha kuchoka ku Bombay kufika ku Calcutta pa sitima. Kubetcha konse kunatsamira pa zinthu zitatu zimenezi. Kwa Fogg, dziko lapansi ndi mndandanda wa nthawi zonyamukira ndi zofikira. Sitima ikamadutsa m'nkhalango za ku India iye ali pa tebulo akusewera makhadi. Chombo chikakocheza padoko, chimene amafunsa ndi ola limene china chinyamuke. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu amene wabetcha theka la chuma chake pa wotchi sangadekhe. Amene amatsika n'kulowa m'misika ndi Passepartout. Ku Bombay amachimwira miyambo ya eni dziko posadziwa, n'kuthawa khamu la anthu okwiya. Ku Hong Kong amamwetsedwa mankhwala ogonetsa ndi Fix, wapolisi wofufuza milandu amene akuganiza kuti Fogg ndiye anaba mapaundi 55,000 ku Bank of England. Amadzidzimuka ali m'chombo chopita ku Yokohama, alibe bwana, alibe khobidi, ndipo njala imamulowetsa m'gulu la ochita masewera odabwitsa. Bwana wake amamupeza ali pansi pa mulu wa anthu okwerana pamapewa, atawasenza onsewo.

Sindimuda Fogg. Ndi munthu wosungulumwa amene anabisala kuseri kwa ndondomeko, ndipo Niven amalola kuti kusungulumwako kuoneke pang'ono m'maso mwake. Pa ulendo wonsewo pali malo awiri pamene amaimitsa wotchi chifukwa cha munthu mnzake, ndipo filimu yonse imapumira pamalo awiriwo. Oyamba ali ku India. Njanji imene manyuzipepala a ku London anati yatha imapezeka kuti yathera m'tchire, iwo n'kupitiriza ulendo pa njovu. M'nkhalango amakumana ndi gulu likutenga mfumukazi Aouda, mkazi wamasiye, kuti akamuotche pamodzi ndi mtembo wa mwamuna wake. Fogg akuti amupulumutse. Malo achiwiri ali ku America, pamene ankhondo a mtundu wa Sioux aukira sitima n'kugwira Passepartout. Fogg amasiya sitima ipite, akudziwa kuti mwina kubetcha kwathera pomwepo, n'kubwerera ndi asilikali kukamuombola. Pamenepa ndimamupatsa ulemu wonse, chifukwa mabwana ambiri akanangolemba wantchito wina ku New York.

Komabe tiyeni tione bwino zimene zinachitika m'nkhalango muja. Ganizo linali la Fogg, koma amene anakwawa usiku, kukagona pamulu wa nkhuni m'malo mwa mtembo, n'kudzuka pakati pa utsi atanyamula mkaziyo, anthu n'kugwa chafufumimba poyesa kuti wakufa wauka, ndi Passepartout. Kumapeto kwa nkhani Aouda amakwatiwa ndi Fogg. Verne sanaone chachilendo pamenepa, ngakhalenso opanga filimu. Kwa iwo kulimba mtima kwa wantchito ndi mbali ya katundu wa bwana, monga chikwama chija.

Pali zina mu filimuyi zimene zimandipweteka mtima, ndipo kuikonda kwanga sikuzifafaniza. Aouda, mfumukazi ya ku India, anamusewera Shirley MacLaine, mtsikana wachizungu wa ku America amene anamudetsa khungu ndi zopakapaka, pamene India anali ndi akatswiri a mafilimu ochuluka. Amwenye a mu filimuyi ndi khamu lofuula limene mzungu ayenera kulanditsako mkazi. Mwambo wootcha akazi amasiye unalipodi, koma unaletsedwa ndi lamulo mu 1829, ndipo mmodzi mwa amene analimbana nawo kwambiri anali Mmwenye, Ram Mohan Roy. Zimenezi woonera sazimva. Asioux nawo amangooneka ngati chopinga cha panjira, chimodzimodzi gulu la njati limene limaimitsa sitima. Palibe amene amafunsa chifukwa chimene akuukirira njanjiyo, pamene ndiyo inadula pakati dziko lawo losakako nyama ndi kubweretsa alenje amene anatsala pang'ono kumaliza njati zonse. Africa yense amangooneka padoko la Suez.

Pa doko limenelo, m'buku, kazembe wa Britain amauza Fogg kuti chidindo cha mu pasipoti n'chosafunikira, ndipo Fogg amachipempha dala kuti chikhale umboni wakuti anadutsadi. Mngelezi wa ndalama wa mu 1872 analibe mpanda womutsekereza. Suez, Aden, Bombay, Calcutta, Singapore, Hong Kong: pafupifupi paliponse ankapeza mbendera ya kwawo kapena kazembe wa kwawo. Munthu wa pasipoti ya kuno kwathu atafuna kutsata njira yomweyo lero, ndege zilipo, koma gawo lalikulu la nthawi yake lingathere pa kupempha ndi kudikira ma viza.

Chimene chimandichititsa kuumirira pa wonyamula chikwama n'chakuti m'nyengo yomweyo imene nkhani ya Verne inatuluka, kuno kwathu kunkachitika ulendo weniweni wa bwana ndi antchito ake. David Livingstone anamwalira mu Meyi 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Amene anali naye, motsogozedwa ndi Abdullah Susi ndi James Chuma, anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, anaumitsa thupi lake, nalinyamula pamodzi ndi mabuku ndi mapepala ake onse, ulendo wapansi wa makilomita oposa 1,500, mpaka anafika ku Bagamoyo mu Febuluwale 1874. Panalibe wowalamula ndipo panalibe amene anabetcha. Chuma anali Myao amene anamasulidwa m'manja mwa ogulitsa akapolo kumapiri a Shire mu 1861 ali mnyamata, nakakhala ku Magomero. Mu 1864 anaoloka nyanja ndi Livingstone pa kachombo ka Lady Nyassa mpaka ku Bombay, mzinda womwewo umene Passepartout anathamangitsidwamo. Mtembo uja unaikidwa ku Westminster Abbey mu Epulo 1874, Susi ndi Chuma kulibe. Anawaitanitsa ku Britain maliro atatha kale, ndipo kumeneko anathandiza Horace Waller kulongosola zolemba zomaliza za Livingstone, chifukwa iwo ndiwo ankakumbukira mitsinje, midzi ndi mafumu. Mbiri ya maulendo a azungu mu Africa yadzaza ndi amtengatenga, otanthauzira ndi ophika otere, ndipo ochepa okha ndiwo maina awo analembedwa.

Agogo anga aamuna anagwira ntchito ya ukhukhi m'nyumba ya mzungu ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, monga anachitira amuna ambiri a ku Nyasaland m'zaka zimenezo. Ankadziwa mphindi zowiritsira dzira la bwana ndi kutentha kwa madzi ake osamba, monga mmene Passepartout anayenera kudziwira za Fogg, amene anachotsa ntchito mnyamata woyamba pa zifukwa zazing'ono ngati zomwezo. Bwana wawoyo ankadziwa ofesi, kalabu ndi bwalo la gofu. Agogo ankazidziwa zonsezo polowera khomo la kukhitchini, ndipo pamwamba pake ankadziwa komboni, msika, tchalitchi, Chishona, ndi njira yapansi yodzera ku Tete. Ndikamaona Cantinflas akuyang'ana Niven, mwaulemu koma akumudziwa mpaka kumtima, nkhope imeneyo siyachilendo kwa ine.

Mapeto a nkhaniyi ndi okoma, ndipo nawonso ali m'manja mwa wantchito. Pa Atlantic malasha atatha, Fogg amagula chombo chimene akwera n'kulamula kuti matabwa ake onse aponyedwe m'ng'anjo. Amafika ku Liverpool nthawi ikadalipo, koma Fix amamumanga. Pomwe zimadziwika kuti wakuba weniweni anagwidwa kale, maola apita, ndipo Fogg amafika ku London akukhulupirira kuti waluza. Amadzitsekera m'nyumba. Aouda ndiye amamufunsira ukwati, munthu amene tsopano alibe chuma, ndipo Passepartout amatumidwa kukakonza za ukwatiwo ndi abusa. Ali mumsewu amazindikira kuti tsikulo si Lamulungu monga ankaganizira, ndi Loweruka, pa 21 Disembala. Chifukwa chake n'chosavuta: woyenda molunjika kotulukira dzuwa amakumana nalo msanga tsiku lililonse, ndi mphindi zinayi pa digiri iliyonse. Dziko lili ndi madigiri 360, ndipo mphindi zinayi kuchulukitsa ka 360 ndi maola 24. Iwo anaona dzuwa likutuluka kamodzi kuposa anthu amene anatsala ku London. Fogg, munthu wowerengera mphindi iliyonse, tsiku lathunthu linamudutsa osaliona, chifukwa ankawerenga m'kabuku kake. Analipeza ndi amene anatuluka panja n'kuona zimene anthu a mumsewu akuchita.

Fogg amalowa mu Reform Club nthawi itatsala pang'ono kukwana 8:45 madzulo. Kumbuyo kwake kumalowa Aouda, m'nyumba imene mkazi sanapondemo, ndipo atafunsa chifukwa cha lamulolo, Fogg amayankha kuti kuliswa kungakhale kutha kwa ufumu wa Britain. Anthu anaseka nthabwala imeneyi koyamba ku New York pa 17 Okutobala 1956. Mu Julaye chaka chomwecho Gamal Abdel Nasser anali atalanda ngalande ya Suez kuti ikhale ya Egypt. Patangopita masiku 12 filimu itayamba kuonetsedwa, pa 29 Okutobala, Israel anaukira Egypt, Britain ndi France n'kutsatira. America inakana kuwathandiza, inawafinya pa zachuma, ndipo anachoka mwamanyazi. Nduna yaikulu ya Britain, Anthony Eden, anatula pansi udindo mu Januwale 1957, ndipo mu Marichi Ghana analandira ufulu. India anali ataulandira kale mu 1947. Choncho pamene anthu ankakhala m'maholo kuonera Mngelezi akudutsa pa Suez popanda womufunsa, doko lenilenilo linali likutsekeka pamaso pa Angelezi. Filimu imene inapangidwa ndi Mmerika, ndi ndalama za ku America, inkaonetsa ufumu wa Britain ngati chinthu chakale chosekedwa mwachikondi, ndipo ndikhulupirira kuti ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene nthabwala zake zilili zofatsa chotere.

Ku mayiko olankhula Chingerezi, dzina loyamba pa zikwangwani zotsatsira filimuyi linali la David Niven. Ku Mexico ndi kumayiko ena a Latin America, pamwamba panalembedwa Cantinflas, ndipo anthu ankapita kukaonera mnzawo wa kumatenti akuzungulira dziko ndi mzungu wina wa chipewa chachitali. Iye ndiye analandira mphoto ya Golden Globe ya wosewera wopambana m'mafilimu a nthabwala ndi nyimbo. Hollywood inamuyesanso mu 1960 ndi filimu yotchedwa Pepe, yodzazanso ndi akatswiri oonekera kamphindi, koma siinayende bwino. Anabwerera kwawo napitiriza kusewera anthu amene ankawadziwa, m'chinenero chimene pakamwa pake pankathamanga momasuka. Mu filimu yake yomaliza, El barrendero, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anasewera wosesa m'misewu ya Mexico City. Anamwalira mu Epulo 1993, ndipo anthu miyandamiyanda anatuluka m'misewu ya mzindawo kukamuperekeza.